Galimoto ya Mzee Gitau ku Runda

Ndinapita ku Nairobi chifukwa cha kabuleta. Amakaniko a masiku ano samudziwa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya m'magalimoto akale. Iwo amangolumikiza kompyuta n'kuwerenga zimene yalemba. Ine umakaniko ndinauphunzirira ku Ndirande, pansi pa mtengo wa bulugama, pa magalimoto amene unkachita kutchera khutu kuti udziwe pomwe pavuta.

A Kalua, amene ndinkawakonzera galimoto asanasamutsidwe ku Kenya ndi bungwe la mpingo wawo, ndiwo anandiimbira foni.

"Amwene, kuno kuli mkulu wina timapemphera naye. Ali ndi chigalimoto cha ku Amereka chakalekale, chakhala chosayenda zaka zambiri. Amakaniko atatu achilephera. Ndawauza kuti kwathu kuli munthu."

Mayi a Tadala, akazi anga, anamvetsera nkhaniyo akusita yunifomu ya mwana wathuyo. Nthawi imeneyo Tadala anali Fomu 2, ndipo ntchito pa Ndirande inali itayamba kusowa.

"Mukakhalako nthawi yaitali bwanji?" anafunsa.

"Miyezi isanu ndi umodzi. Injini ikangolira, ndabwera."

Anangotembenuza siketi n'kupitiriza kusita.

Ndinayenda pa basi masiku atatu, kudzera pa Songwe, kudutsa Tanzania yense mpaka pa Namanga. Bokosi langa la masipanala ndinaliika pansi pa mpando, phazi lili pamwamba pake njira yonse. Nditatsika pakati pa tauni ya Nairobi ndinaima ngati chitsa. Anthu ankandigunda mapewa osacheuka, ma minibasi awo amene amati matatu akuliza nyimbo, makondakitala akumenya zitseko ndi manja. Ndinakhalira bokosi langa pafupi ndi mayi wina wogulitsa chimanga chootcha mpaka a Kalua anandipeza.

Ku Runda, dera la olemera kumene mwini galimoto uja ankakhala, kunali kwina. Misewu yake yabata, mipanda yamaluwa yaitali kuposa munthu, geti lililonse lili ndi mlonda. Ukamayenda sumva mwana akulira kapena wailesi ya aneba, koma agalu okha kuseri kwa mipanda.

Mkuluyo, Mzee Gitau (Mzee ndi mawu awo aulemu otchulira munthu wamkulu), anali munthu wamtali, imvi mbuu, amene anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Njoroge, ankakhala ku Amereka. Tinkalankhulana m'Chingerezi changa chothyokathyoka, kenako m'Chiswahili nditayamba kuchitola. Kuyambira tsiku loyamba ankanditchula kuti fundi, kutanthauza mmisiri. Sindikukumbukira kuti anatchulapo dzina langa.

Ananditengera ku galaja n'kuvundukula tenti okha. Galimotoyo inali yaitali, yotambalala, ya zitseko ziwiri, chiwongolero chili kumanzere. Penti yake yobiriwira inali itasuluka, matayala ataphwa, makoswe atadya mipando. Ndinatsegula boneti. Injini ya masilinda asanu ndi atatu ndinali ndisanaigwirepo chibadwire.

"Gwira apa," anatero Mzee, n'kuika chala changa pa zilembo ziwiri zachitsulo zimene zinali pambali, kuseri kwa tayala lakutsogolo. "Nkhani yonse ili apa. Kampani imene inapanga iyi inkapanga magalimoto a mabanja, opitira kutchalitchi ndi kumsika. Ndiye amisiri ena a m'fakitale anatenga injini ya galimoto yaikulu n'kuilowetsa m'thupi la yocheperako. Analimbitsa masipuling'i, anaika mapaipi awiri a utsi, analemba mizere iwiri pa boneti, n'kukhoma zilembozi. Ukagula yopanda zilembo, wagula galimoto ya bambo ako. Ukagula ya zilembo, anthu amatuluka m'masitolo kudzaona chikudutsa n'chiyani."

Anandiuza kuti anaigula ali pa sukulu ku Amereka komweko, akutsuka mbale mu hotela. Inali nthawi imene petulo anakwera mtengo dziko lonse, eni magalimoto oterewa akuwagulitsa motchipa chifukwa amamwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Anabwera nayo pa sitima ya pamadzi mpaka ku Mombasa. Tsiku la ukwati wawo anaiyendetsa okha, mkwatibwi ali pambali, kukana galimoto yokongoletsedwa imene abale anakonza.

"Ndikufuna ndiimvenso ikulira. Basi."

Miyezi isanu ndi umodzi ija inatha ndikungomasula. Mapisitoni anali atagwirana ndi dzimbiri, ndipo chilichonse chofunika chinkayenera kuchokera kunja. Njoroge ankachedwa kutumiza. China chikafika, chinkapezeka kuti n'cha mtundu wina, n'kubwerera. Podikira ndinakhala dalaivala wa Mzee pa galimoto yawo ya masiku onse, wokonza jenereta, wokonza pampu ya madzi. Ndalama kunyumba ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Tadala anamaliza sekondale, mayi ake anafolera nyumba ndi malata atsopano. Kumudzi ndinapitako kawiri kokha, pa Khirisimasi, masiku owerengeka.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Munali bedi, mbaula ya gasi, msomali wopachikapo ovolosi, ndi zenera loyang'ana mpanda. M'miyezi yozizira Nairobi amachita chifunga, dzuwa osaoneka masiku angapo. Ndinkaweruka cha m'ma faifi, kuphika, kudya nditaimirira, kenako n'kukhala pakhomo kuyang'ana mpandawo. Masiku ena ndinkazindikira kuti chiyambire m'mawa sindinalankhule mawu a Chichewa ndi amodzi omwe. Ndinayamba kulankhula ndi maboti a injini pomasula: "Tuluka iwe, ukulimbiranji?"

Lamlungu lina lililonse ndinkakwera matatu awiri kupita ku Hurlingham, kumene Amalawi ankasonkhana m'nyumba ya a Kalua. Kunkabwera ogwira ntchito m'mabungwe ndi ana a sukulu za ukachenjede. Anali anthu abwino. Ankandipatsa moni mwaulemu, "Muli bwanji, bambo," kenako nkhani zawo zinkalowa m'Chingerezi, za misonkhano, za mayeso, za maulendo a pandege. Ine ndinkakhala pakona nditabisa manja pakati pa maondo, chifukwa girisi wa m'zikhadabo sachoka ngakhale utatsuka ndi parafini. A Kalua atasamutsidwanso kupita dziko lina, ndinapitako kamodzi, n'kusiya.

Mnzanga weniweni anali Wafula. Iyeyu anali wowongola ndi kupenta magalimoto, wa kumadzulo kwa Kenya, wamfupi, wa mpata pakati pa mano, ndipo Mzee anamulemba kuti akonze bodi ya galimotoyo. Nayenso banja lake linali kumudzi. Tsiku loyamba mvula itayamba kugwa ndinangoti, "Mvula." Iye anacheuka n'kundifunsa m'Chiswahili kuti ndati chiyani.

"Umesema nini? Mvua?"

Kuyambira pamenepo tinayamba kusaka mawu ofanana: nyama, moto, njala, kulima. Tikapeza amodzi, ankamenya nyundo pa benchi n'kuseka. Masana tinkadyera limodzi, iye akubweretsa ndiwo zamasamba zimene amati sukuma, ine ndikubweretsa usipa wouma umene mayi a Tadala ankatumiza akapeza wobwera. Ankandiuza za ana ake anayi, ine ndikumuuza za wanga mmodzi.

"Mwana mmodzi, ndipo uli kuno?" anandifunsa tsiku lina akupala chitseko. "Ine ndikaphonya wina, atsala atatu. Iwe ukaphonya, waphonyeratu."

Ndinaseka. Ndinkaona ngati akungocheza.

Chaka chachitatu Mzee anagula galimoto ina kwa mzungu wa ku ofesi ya kazembe amene ankabwerera kwawo, kuti tichotsemo zipangizo. Inali ya kampani yomweyo, dzina lomwelo, koma yopangidwa pambuyo pake. Tinaikoka ndi chingwe kuchokera msewu wachitatu. Nditatsegula boneti ndinapeza kainjini kakang'ono, mapaipi ambirimbiri opinganapingana, malo otsala okwana kugonamo mbuzi.

"Waona?" anatero Mzee. "Petulo atadula, boma la kumeneko linaikanso malamulo ochepetsa utsi, a inshuwalansi nawo anayamba kulipiritsa kwambiri aliyense wa galimoto yamphamvu. Kampani inafooketsa injini, koma zilembo inazisiya. Takanda."

Wafula anakanda ndi chikhadabo. Zilembozo zinamatuka. Zinali zapepala.

"Anapitiriza choncho zaka zingapo, kugulitsa mizere ndi zomata," anatero Mzee. "Anthu atazindikira, anasiya kugula, dzina linatha. Ineyo ndiye ndili ndi yeniyeni."

Tinachotsamo magalasi, zogwirira zitseko ndi mabuleki. Zina zonse sizinagwirizane.

Wafula anamaliza bodi. Anaipenta yobiriwira ngati tsamba la mpiru, mizere iwiri yoyera pa boneti, anapukuta zilembo zachitsulo zija n'kuzikhomanso. Ntchito yake itatha anapeza ina ku Kisumu, kufupi ndi kwawo. Ndinamuperekeza mpaka pa siteji. Anandisiyira nyundo yake yaing'ono, n'kukwera matatu. Tinaimbirana kangapo, kenako nambala yake inasiya kupezeka.

Nthawi imeneyo n'kuti maso a Mzee atayamba kuchita khungu chifukwa cha matenda a shuga. Lakumanja linali litatheratu. Ine ndi amene ndinkawatengera kuchipatala. Tsiku lina tili pa mzere wa magalimoto anangoti, "Dokotala akuti lotsalali silifika chaka chamawa."

Chaka chomwecho Tadala anapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Lunzu. Ankhoswe anakumana, tsiku linaikidwa. Tadala anandiimbira yekha.

"Adadi, mudzandipereke ndinu. Musadzatumize munthu."

"Ndani wina angakupereke ine ndili moyo?"

Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, bokosi limene tinalidikira chaka chathunthu linafika: mapisitoni, maring'i, magasiketi, zonse zoyenera. Ndinawerengera masiku. Ndinaona kuti milungu iwiri ikwana kumanga injini, Mzee aione ikulira diso lawo lisanatseke, ine n'kukwera basi. Za ukwati sindinawauze Mzee. Ndinkadziwa kuti akamva andithamangitsa tsiku lomwelo.

Milungu iwiri inatha, injini ili m'malo mwake. Nditathira madzi, anatulukira mu oyilo. Mutu umodzi wa injini unali ndi mng'alu wosaoneka ndi maso. Ndinaunyamula kupita nawo kwa owotcherera, anati ndibwere pakatha masiku anayi. Basi yomaliza imene ikanandifikitsa nthawi yabwino inkanyamuka m'mawa mwake.

Ndikanatha kusiya zonse n'kupita, n'kudzamaliza pobwera. Ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinatsalira diso la Mzee, ndipo si bodza. Koma palinso china chimene sindinena kawirikawiri. Zaka zonsezo manja anga anali m'injini imeneyo, ndipo ndinkafuna kuimva ineyo. Ndinaimbira mayi a Tadala.

"Zavuta kuno. Ndifika ukwati utadutsa."



"Bambo a Tadala," anatero, "ndikamuuze chiyani mwanayu? Kuti bambo ake akudwala? Kuti amangidwa? Ndiuzeni bodza loti ndikanene, chifukwa zoona zake sindingathe."

Loweruka la ukwatilo ndinali m'galaja ndekha, ndikumanga maboti a mutu wa injini mmodzimmodzi. Foni inkanjenjemera pa benchi, abale akutumiza zithunzi. Ndinaitembenuza chafufumimba. Masana sindinadye.

Injini inalira Lachiwiri lotsatira, m'mawa. Nditapotoza kiyi inatsokomola kawiri, kachitatu inagwira. Malata a galaja ananjenjemera, sipanala inagwa pa benchi, agalu a msewu wonse anauwa. Mlonda anasiya geti n'kubwera akuthamanga. Mzee anatuluka m'nyumba atavala gauni yogonera, akupapasa khoma, n'kuika manja onse awiri pa boneti. Anaima choncho nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

Kuyendetsa sakanatha. Ndinayendetsa ine, iwo ali pambali, kukwera msewu wa ku Limuru pakati pa minda ya tiyi. Pamalo powongoka anati, "Ponda, fundi." Ndinaponda. Galimoto inakhala ngati yanyamuka kutsogolo, msana unamatirira ku mpando. Mzee anaseka ngati mwana, mutu uli pa zenera, mphepo ikuwachotsa misozi.

Pobwerera anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ine sindikusangalala. Ndinawauza. Anandiuza kuti ndiime pambali pa msewu.

"Mwana wako anakwatiwa Loweruka, iwe uli m'galaja mwanga?"

"Inde, Mzee."

"Ndinakupempha zimenezo ine?"

"Ayi."

Anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Wandisenzetsa katundu amene sindinamupemphe. Tiye kunyumba."

Anandipatsa tchuthi, koma sindinapite. Ndinachita manyazi kufika anthu akutsukabe mapoto a ukwati. Ndinati ndidikire mtima wa mwana uzizire, ndipo kudikirako kunatenga chaka china ndi theka. Lamlungu lililonse masana ndinkawayendetsa Mzee msewu womwe uja, ngakhale diso lotsala lija litatseka. Ankadziwa makona onse ndi thupi lawo. Tadala ndikamuimbira ankayankha mwaulemu, mafunso anga okha, osawonjezera.

Mzee anagwa m'bafa tsiku lina m'mawa, mbali imodzi inafa ziwalo. Njoroge anabwera patatha masiku atatu. Anali munthu waulemu, wotanganidwa, foni ili kukhutu nthawi zonse. Atalowa m'galaja anaizungulira galimoto, n'kundionetsa chithunzi pa foni yake: yofiira, yonyezimira, zilembo ziwiri zomwe zija pambali.

"Kampani inaukitsanso dzinali, mukudziwa? Iyi ndi yanga. Ndi yamphamvu kuposa ya adadiyi, ndipo zonse imayendera kompyuta. Ndinkawauza adadi kuti abwere adzaikwere, iwo kumangokakamira yakaleyi."

Anaganiza zotenga bambo ake kupita nawo ku Amereka, nyumba aichititse lendi. Galimoto anaigulitsa kwa munthu wina wosonkhanitsa magalimoto akale. Inachoka itakwezedwa pa lole, ine ndi amene ndinaikweza. Ndinalembera mwini watsopanoyo papepala mmene angasinthire kabuleta kukazizira. Analipinda n'kuliika m'thumba osaliwerenga.

Ndinakawatsanzika Mzee kuchipatala. Kulankhula kunali kovuta. Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo labwino, kupapasa zikhatho zanga, n'kunena mawu amodzi amene ndinawamva bwinobwino: "Nenda." Kutanthauza kuti pita.

Ku Ndirande ndinapeza nyumba ili ndi chipinda chatsopano ndi mpanda wa njerwa. Mayi a Tadala anali atatsegula kagolosale kutsogolo, makiyi onse ali pa chingwe m'chiuno mwawo. Anandilandira bwino, madzi osamba anatenthetsa, koma pofuna sopo ndinachita kufunsa pomwe amakhala. Pamtengo wa bulugama paja panali pataimikidwa shopu ya mafoni. Anthu a mumsewu ankandipatsa moni wa alendo: "Mwabwera liti? Mubwerera liti?"

Patatha sabata ndinakwera minibasi kupita ku Lunzu. Tadala anandilandira pakhonde atabereka mwana wa miyezi isanu. Anagwada patali.

"Mwatipeza, bambo. Mwayenda bwanji?"

Kale ankanditchula kuti adadi. Mwamuna wake, munthu wofatsa amene ndinkamuona koyamba, anandilowetsa m'nyumba n'kundipatsa buku la zithunzi za ukwati kuti ndizionako tiyi akuphikidwa. Ndinatsegula. Pa chithunzi cha pakhomo la tchalitchi, Tadala anali atakolowekana mkono ndi mng'ono wanga. Mng'ono wangayo anali atavala jekete langa lakuda, limene ndinalisiya m'sutikesi pansi pa bedi.

Tadala anaika kapu patebulo n'kuona pamene ndinatsegula.

"Linawakwana bwino," anatero. "Amayi anangopinda manja pang'ono."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi. Onse anathawa. Ndinangoti, "Ndinalakwa, mwanawe. Palibe anandigwira. Ndinatsala ndekha."

Anamasula mwana kumbuyo n'kuyamba kumuyamwitsa, maso ali pa khoma. Tinamwa tiyi, ine ndi mkamwini tikukamba za mitengo ya feteleza.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Mkamwini anaimirira kuti andiperekeze, koma Tadala anati, "Khalani, ndiwaperekeza ine." Anaberekanso mwana, tinatsika kanjira ka pakati pa minda mpaka kumsewu waukulu. Titangofika pa siteji, minibasi ya ku Blantyre inaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo. Mipando itatu inali yopanda anthu, ndinaiona ndi maso anga. Ndinanyamula chikwama.

"Yadzaza iyi," anatero Tadala, osandiyang'ana. "Dikirani ina."

Kondakitala anatukwana, minibasi inapita. Ndinaika chikwama pansi. Tinaima pomwepo pafupi ndi amayi ogulitsa anyezi, mwana akundiyang'anitsitsa kudzera paphewa la mayi ake.